Chida Chilingane ndi Msomali

Munthu amene wayendapo pa msewu wochoka pa Mponela kunka ku boma la Ntchisi amadziwa kuti dziko la kumeneko siliyalika ngati mphasa. Ukamayandikira boma, msewu umakwera chitunda, nutsikira m'khwawa, nukweranso, mpaka phiri la Ntchisi lionekera ndi nkhalango yake yobiriwira. Chimodzimodzinso kwa iye amene atsika kuchokera ku boma la Dowa kulowera ku Mvera. M'dziko lotere katundu salemera pokwera pokha ayi. Potsika ndiye amakankha ngolo ndi ng'ombe zomwe, ndipo chilichonse chimene mmisiri adalumikiza mwachinyengo chimaonekera poyera.

Pa kamsika kena m'mphepete mwa msewu wa ku Ntchisi uja padali mmisiri wosula malata, bambo wa imvi zake, amene ankagwirira ntchito patsinde pa mtengo wa mango. Zida zake zidali zowerengeka: nyundo ziwiri, lumo lodulira malata, chobowolera, ndi chidutswa cha njanji chimene ankasulirapo. Ndi zimenezo ankapanga zidebe, mbaula, mapoto ndi makheni othirira mbewu kudimba. Amayi a m'midzi yozungulira ankati chidebe cha bambo ameneyu chimatha kunsi ndi dzimbiri chigwiriro chake chisanaguluke. Mbiri imeneyi ndiyo idali chuma chake, pakuti mmisiri wa kumudzi alibe chikwangwani china choposa pakamwa pa anthu amene adawagwirira ntchito.

Chinsinsi cha zigwiriro zakezo chidali riveti. Riveti ndi kamsomali kafupi, kopanda nsonga, kokhala ndi mutu mbali imodzi. Mmisiri amabowola zitsulo ziwiri zimene afuna kulumikiza, nalowetsa kamsomaliko, kenaka nasula mbali inayo ndi nyundo mpaka itaphwatalala kukhala mutu wachiwiri. Zitsulo zija zimapanikizika pakati pa mitu iwiriyo, osalekananso. Luso limeneli si la pansi pa mango pokha. Nsanja ya Eiffel ya mu mzinda wa Paris, imene idatha kumangidwa m'chaka cha 1889, chaka chomwe amishoni a Dutch Reformed Church adafika pa Mvera, idalumikizidwa ndi mariveti okwana 2,500,000. Sitima ya Chauncy Maples nayo, imene idapangidwa ku Glasgow nibwera kuno m'zidutswazidutswa, idalumikizidwa ndi mariveti isanayambe kuyenda pa Nyanja ya Malaŵi m'chaka cha 1901. Koma riveti ya mtundu umenewu ili ndi vuto limodzi: imafuna kuti mmisiri afike mbali zonse ziwiri, kuno nyundo, uko chotsamira.

Vutoli lidasautsa kwambiri opanga ndege ku England, amene ankamangirira malata pamalo pamene dzanja silikanafika kuseri kwake. Injiniya wina, Hamilton Neil Wylie, adatulukira njira ina m'chaka cha 1916, ndipo pambuyo pake kampani ya George Tucker ya ku Birmingham idayamba kupanga riveti yomangira mbali imodzi, imene amisiri amaitcha popu riveti. Riveti imeneyi ndi kapaipi kokhala ndi mutu, ndipo m'kati mwake mumadutsa kamsomali kowonda kokhala ndi kamutu kobulungira kumapeto. Chida chake chokokera, chimene m'masitolo amachitchula m'Chingerezi kuti rivet gun ngakhale sichiwombera kanthu, chili ndi mano achitsulo amene amaluma kamsomaliko ndi kukakoka. Kamutu kaja kakamakokedwa kamatupitsa kapaipi kuseri kwa chitsulo, mpaka kamsomaliko kaduka kokha pamalo pamene kadapangidwa kofooka. Kulira kwa kudukako, kwakuti pho! ndiko kudapatsa rivetiyo dzina lake.

Chokokera chotere chidafika pansi pa mango paja ndi mphwake wa mmisiriyo, mwana wa mlongo wake, amene atalemba mayeso a Fomu 4 adabwera kwa atsibweni ake kudzaphunzira ntchito. Mnyamatayo adachigula tsiku la msika kwa munthu wina woyala malonda pansi. Chidali chaching'ono, cha dzanja limodzi ngati pulaya, chofiira ndi chonyezimira, ndipo mtengo wake udali wotsika. Kunena zoona, pa ntchito zopepuka chidachita bwino ndithu: titseko ta mbaula, mahinjesi a mabokosi a malata, madigadi a njinga. Ntchito imene nyundo inkatha nayo m'mawa wonse, iye ankaimaliza madzi a tiyi asanawire. Mkuluyo ankangoyang'ana, osanyoza, osayamikiranso.

Chaka china, itayandikira nyengo yokolola, kudabwera mlimi wa kuseri kwa mapiri ndi ngolo yake. Matabwa a ngoloyo adali atawola, ndipo iye ankafuna kuti m'malo mwake amumangire lata lochindikala. Chimango cha ngoloyo chidali cha mapaipi a ngodya zinayi, ndipo m'kati mwa paipi simulowa dzanja kapena chotsamira. Apa nyundo idalibe chochita. Idali ntchito ya popu riveti basi. Mkuluyo adayeza lata, nayeza paipi, nafunsa mlimiyo katundu amene amanyamula ndi njira imene amadzera. Atamva zonse adati pafunika mariveti achitsulo aakulu, a mamilimita 6.4. Koma usiku womwewo kudabwera uthenga wa maliro kuchimuna kwawo, ndipo m'mamawa adanyamuka, nasiya ntchito m'manja mwa mphwake.

Mnyamatayo adapalasa njinga mpaka pa Mponela nagula mariveti amene adauzidwa. Atabwerera adapeza kuti kamsomali ka riveti yaikuluyo sikalowa n'komwe pakamwa pa chokokera chake. Adayesa achitsulo a mamilimita 4.8. Amenewo adalowa, koma pofuna kudula imodzi yokha adafinya ndi manja awiri mpaka mitsempha ya m'khosi idaima njo. Pa riveti yachitatu mano a chidacho adayamba kuterereka, ndipo mpini umodzi udapindika. Tsiku limene mlimi adapangana kudzatenga ngolo lidali litayandikira, ndipo mnyamatayo adachita manyazi kunena kuti walephera. Adawongola mpini uja ndi nyundo, natenga timariveti ta aluminiyamu ta mamilimita 3.2 timene ankamangira mbaula, natindandalika m'mbali monse mwa ngolo. Pamwamba pake adapaka utoto wobiriwira. Mwini ngolo atabwera adaomba m'manja, nalipira osanenerera.

Padapita masabata awiri. Tsiku lina chakumasana mlimi uja adatulukira wapansi, wopanda ngolo. Adapereka moni mwaulemu, nakhala pa chitsa, nafunsa za maliro aja. Atatha malonje adamasula kansalu kamene kadali m'thumba mwake, nakhuthulira pa njanji paja timitu ta mariveti todzaza dzanja.

"Amisiri," iye adatero, "ndabwera kudzabweza katundu wanu. Ndamutola pa chitunda."

Tsono adafotokoza mmene zidachitikira. Adapakira matumba khumi a soya, a makilogalamu 50 lililonse. Potsetsereka kulowera ku mtsinje matumbawo adakhamukira kutsogolo, ndipo lata la kutsogolo lidang'ambuka mbali imodzi kuti kwee! monga nsalu yosokedwa ndi ulusi wowola. Matumba atatu adagwera ng'ombe m'miyendo, mphepete mwa lata mudatema ng'ombe ya kumanzere pamwamba pa chiboda, ndipo mwana wake amene ankatsogolera adapulumukira m'kamwa mwa mbuzi podumphira m'tchire. Ng'ombeyo idali kutsimphina, pamene zokolola zidali zikadali kumunda.

Mkuluyo adatola kamutu kamodzi, nakayang'ana nthawi yaitali. Sadacheukire kwa mphwake ngakhale kamodzi. "Bambo," adayankha, "cholakwa ndi changa, pakuti ngolo yanu idatuluka pa dzina langa. Ndidzaikonza popanda malipiro, ndipo za mankhwala a ng'ombe tithandizana."

Mlendo atapita, ndi pamene adaitana mnyamatayo. Sadamukalipire. "Mphwanga," adatero, "kulephera kukoka riveti yaikulu si mlandu, chifukwa chida chako sichidabadwire ntchito imeneyo. Mlandu wako ndi wakuti udachepetsa msomali kuti ulingane ndi chida. Katundu ndiye amanena kukula kwa msomali, ndipo msomali ndiwo umanena kukula kwa chida. Iwe udayambira kumchira."

"Ndamva, atsibweni," mnyamatayo adayankha maso ali pansi.

Sabata lomwelo mkuluyo adagulitsa mbuzi, ndipo awiriwo adakwera minibasi pa Mponela kutsata msewu wa M1 mpaka ku Lilongwe, kumene masitolo a zida za amisiri adandandalika cha ku Malangalanga. M'thumba mwake mkuluyo adatenga kachidutswa ka lata la ngolo ija, kachidutswa ka paipi kobowolabowola, ndi mariveti aakulu aja odzaza dzanja. Iye ankati munthu sapita kokagula nsapato atasiya phazi kunyumba.

Ali m'njira adafunsa mphwake chifukwa chake riveti yaikulu idamukanika. Mnyamatayo adati n'chifukwa chakuti 6.4 ndi 3.2 kuwirikiza kawiri. Atalingalira pang'ono adakumbukira masamu a kusukulu, akuti m'lifupi mwa chinthu chozungulira mukawirikiza kawiri, malo ake amawirikiza kanayi. Ndiye kuti chitsulo chimene chida chiyenera kutupitsa ndi kudula pa riveti yaikuluyo n'chochuluka pafupifupi kanayi, osati kawiri. Kuwonjezera apo, chitsulo n'cholimba kuposa aluminiyamu, ndipo chitsulo chosachita dzimbiri n'cholimba kuposa zonsezo. Choncho wosankha chokokera ayenera kufunsa mafunso awiri, osati limodzi: rivetiyo ndi yaikulu bwanji, nanga ndi ya chitsulo chanji? Zokokera zing'onozing'ono zambiri zimabwera ndi timilomo tinayi, ta mamilimita 2.4, 3.2, 4.0 ndi 4.8, koma nambala yomalizayo kawirikawiri imakhala yoona pa aluminiyamu wofewa. Pa chitsulo, dzanja limatopa ndipo chida chimatha msanga.

M'masitolomo adapeza zokokera za mitundu ingapo. Choyamba chidali chonga chofiira chija, ndipo adachilambalala. Chachiwiri chidali cha mipini iwiri italiitali, yofika pafupifupi theka la mita, chogwira ndi manja onse awiri ngati lumo lodulira mpanda wa maluwa. Mphamvu yake ili m'kutalika kwa mipiniyo, monga mmene munthu amagubuduzira mwala waukulu m'munda ndi mtengo wautali pamene ndi kamtengo kakafupi sangaugwedeze. Kuipa kwake n'kwakuti chimafuna malo otambasulira manja, motero pa ngodya yopanikizika chimavuta. Chachitatu chidali chopindikapindika, chofutukuka ndi kufupika ngati mvukuto wa wosula makasu. Chimenechi munthu amachikankha ndi thupi lonse, ndipo chimathandiza pomanga pansi pa ngolo pamene ukutsamirapo kuchokera pamwamba. Koma pa lata loimirira, lopanda cholichirikiza kuseri, kukankhako kumalitifula, ndipo kamsomali kakaduka chidacho chikhoza kuterereka ndi kukanda ntchito. Padalinso zokokera zoyendera mphepo ya makina ndi zina za batire, zimene zimadula riveti yaikulu ndi chala chimodzi. Mnyamatayo adazisirira, koma atsibweni ake adamukumbutsa kuti pansi pa mango palibe makina opopa mphepo, ndipo mtengo wake sudali wa mbuzi imodzi.

Atatsimikiza kuti afuna cha mipini italiitali, ntchito yeniyeni yosankha idayamba, chifukwa zimenezonso zidalipo zosiyanasiyana. Wogulitsa wina adawatulutsira chonyezimira ngati kalilole, nachitamanda kuti n'chochokera kunja. Mkuluyo adachinyamula, nachiyeza kulemera m'dzanja, naona kuti mutu wake udali wa lata lopindidwa chabe. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," adanong'oneza mphwake. Iye ankafuna cha mutu wochindikala ndi mipini yosagwedera pa mfundo zake. Kenaka adawerenga timilomo, kuona ngati ka 6.4 kalipodi, pakuti bokosi likhoza kulonjeza kamlomo kamene m'kati mulibe. Adapempha kuti amasule mutu aone mano, ngati mizere yake ili yakuthwa ndi yozama. Adafunsanso funso limene ogula ambiri amaiwala: mano amenewa akatha, ena amapezeka? Mano ndiwo amayamba kutha pa chokokera chilichonse, ndipo chida chimene mano ake sagulitsidwa paokha chimafa tsiku limene manowo aterereka. Pomaliza adayang'ana ngati chili ndi kabotolo kumbuyo kolandirira timisomali toduka, chifukwa timeneti tikamwazika pabwalo timabaya matayala a njinga ndi mapazi a ana.

Zonsezi zitatha adatulutsa tizidutswa take tija, napempha kuti ayese. M'sitolo yoyamba adawakaniza, nati katundu satsegulidwa asanalipiridwe. Mkuluyo adathokoza natuluka. M'sitolo yachitatu mwini wake adavomera. Mnyamatayo adalowetsa riveti, natsegula mipini, nafinya kamodzi, kawiri, ndipo kachitatu kudamveka pho! Nkhope yake idawala, nafuna kuti alipire pomwepo.

"Dikira," adatero mkuluyo. "Nkhwangwa siithwera pachipala. Chofiira chija nachonso chidadula ziwiri chisanapindike. Koka zisanu."

Adakoka zisanu, mano osaterereka, mipini ili chiwongokere. Mkuluyo adatembenuza kapaipi kaja, nasuzumira m'kati kuona ngati mariveti atupa mofanana kuseri, nayesa kulowetsa chikhadabo pakati pa lata ndi paipi, koma sichidalowe. Potsiriza adagwira chidacho iye mwini, nakoka riveti yachisanu ndi chimodzi ndi manja ake okalambawo. Chida sichilingana ndi msomali wokha; chiyeneranso kulingana ndi munthu amene adzachigwire kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Apo m'pamene adamasula ndalama za mbuzi zija.

Ngolo itabwera, mnyamatayo adaphunzira kuti chokokera chabwino ndi chiyambi chabe. Adabowola timariveti takale tonse ndi kutichotsa. Mabowo atsopano adabowola a mamilimita 6.5, okulirapo pang'ono chabe kuposa riveti, chifukwa bowo lalikulu limasiya riveti ikugwedera ndipo njira ya miyala imalikulitsa tsiku ndi tsiku. Bowo lililonse lidatalikira kuchoka m'mphepete mwa lata kosachepera kawiri kukula kwa riveti, kuti lata lisang'ambikire kunja. Adasankha mariveti a utali woyenera kuchindikala kwa lata ndi paipi pamodzi, monga mmene bokosi lake limanenera, pakuti yaifupi siitupa mokwanira kuseri ndipo yaitali imapindika osapanikiza. Adatenga a mitu yotambalala, imene imagwira lata pamalo aakulu. Onse adali achitsulo, chifukwa aluminiyamu akakhudzana ndi chitsulo pamalo achinyezi amadyeka, makamaka m'ngolo imene imanyamulanso fetereza m'nyengo ya dzinja.

Atafika pa ngodya za kutsogolo, pamene katundu amatsamira ngolo ikamatsika, mnyamatayo adanyamulanso chokokera chija mokondwa. Atsibweni ake adamugwira dzanja. Pamenepo adaikapo chitsulo chopingasa, nachimanga ndi mabawuti obowoleza paipi mbali zonse ziwiri. "Riveti iyi imagwira chikopa, siigwira mafupa," adatero. Popu riveti, ngakhale ikule bwanji, ndi kapaipi ndithu, ndipo pamalo ponyamula kulemera kwa ngolo kapena pokokera ng'ombe pamafunika bawuti kapena kuwotcherera. Kudziwa pamene chida chatsopano chiyenera kuikidwa pansi ndi gawo la kuchidziwa.

Ng'ombe ija idachira, ngakhale kuti chaka chimenecho mwini wake adatuta mbewu zina ndi ngolo yobwereka. Mbiri ya mmisiriyo siidabwerere tsiku limodzi. Kwa miyezi ingapo anthu ena ankamulambalala ndi ngolo zawo, chifukwa nkhani ya pa chitunda idayenda msanga kuposa nkhani ya kukonza. Koma ngolo yobiriwirayo idapitiriza kutsika ndi kukwera zitunda zomwezo, chaka ndi chaka, yodzaza ndi chimanga, mtedza ndi mabelo a fodya, ndipo pang'onopang'ono idayankhula m'malo mwa amene adaimanga.

Achinyamata ambiri amene amatsiriza sukulu amalowa ntchito za manja, ena kudzera m'masukulu a luso amene bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1999, limayang'anira, ena pansi pa mtengo pafupi ndi mkulu wodziwa. Onsewo tsiku lina amakumana ndi yesero la mnyamata uja: ntchito yakula kuposa chida chimene chili m'manja, mwini ntchito akudikira, ndipo utoto ukhoza kubisa zonse. Kunena kuti "chida changa sichikwanira, mundipatse masiku" kumawawa kamphindi. Kuchepetsa msomali kumawawa pambuyo pake, ndipo kawirikawiri amamva ululuwo ndi munthu amene sadalakwe, kapena mwana wotsogolera ng'ombe.

Chokokera chofiira chija sadachitaye. Adachikoleka pa msomali pa thunthu la mango, ndipo chidapitiriza kumanga titseko ta mbaula, ntchito imene chidabadwira. Pambali pake padakolekedwa chachitali chija, mano ake opukutidwa ndi kudonthezedwa mafuta Loweruka lililonse. Mkuluyo atayamba kufooka maso, mphwake ndiye ankalandira alendo. Munthu akabwera ndi ngolo, mnyamatayo sankathamangira ku chida chilichonse mwa ziwirizo. Ankayamba wampatsa mlendoyo pokhala, namufunsa kuti, "Bambo, mumanyamula chiyani, nanga kwanu mumadzera njira iti?"